Nsapato Imodzi ya Sungeni

Anthu a dziko lino amadyera pamanda. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa mukamva zinazo mwina muziti wolakwa ndine. Kulakwa ndinalakwadi, sindikukana. Koma muyambe mwadziwa kuti kuno ku England munthu wamkulu ndi imvi zake amakhala pamwala wa pamanda, n'kutsegula kabokosi, n'kumadya buledi miyendo ili lendelende.

Ine ndine Nangozo, kwathu ndi ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. Sukulu ndinalekeza sitandade 6. Kuno ndinabwera kutsatira amuna anga, a Levisoni, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Telford. Tili ndi mwana mmodzi, Sungeni, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka ziwiri ndi theka. Komanso tili ndi alamu anga a Verina, achemwali awo a bambo a Sungeni, nesi, amene akhala kuno zaka khumi ndi zisanu mpaka Chichewa chawo chimatulukira m'mphuno.

Kwathu mwana wamng'ono sumangomunyamula n'kumapita. Pamene wakhala, pamene wasewera, pamene wagona, pochoka umamuitana ndi dzina lake: "Sungeni, tiye, tizipita kwathu." Thupi lili kumsana kwako, inde, koma kamtima ka mwana kamachedwa, kamatsalira pamene kaona chokondweretsa. Amayi anga anandiuza kamodzi, sanabwereze, ndipo ine sindinafunse kuti ukapanda kuitana chimachitika n'chiyani. Ndinkangoitana. M'basi ndinkaitana, kusikelo ndinkaitana, m'sitolo yaikulu ija ndinkaitana tikamatuluka pachitseko chodzitsekula chokha.

Alamu anga zimenezi zinkawanyansa. China chimene chinkawanyansa ndi nsapato za Sungeni. Zinali zofiira, zija zimalira mwana akaponda, pwii, pwii. Amayi anga anagula pamsika wa Lizulu n'kupatsira munthu wobwera kuno. Ine ndinkazikonda chifukwa ngakhale ndili kukhitchini ndinkadziwa pamene mwana ali. Alamu anga ankati zikumveka ngati m'nyumba mwalowa mbewa.

Loweruka lina mu Novembala anatulukira m'mamawa ndi galimoto yawo.

"Alamu, chaka chathunthu mukungodziwa njira ya kusitolo basi. Valani, mukaone dziko. Dera lonse lino la Shropshire ndi lokongola, anthu amachokera ku America kudzaona. Koma tigwirizane, lero zakumudzi zanu zija zoitana mwana ali pamsana ayi. Mumatichititsa manyazi."

Bambo a Sungeni anaseka.

Tinayambira ku Ludlow, tawuni ya msika. Msika wake ndi wa anthu osalankhula. Palibe wokuitana, palibe wokufunsa kuti kunyumba ali bwanji. Tomato wopanda fungo, tchizi chochita chuku akuchigulitsa osabisa n'komwe, ati chukucho ndiye ndiwo yake. Nyumba zake zoyera, zamitengo yakuda, zina zopendekeka moti kwathu tikanati igwetseni isanaphe ana. Alamu anga ankangojambula, ati imeneyi ili ndi zaka mazana asanu. Sungeni ankathamanga pakati pa mabenchi, pwii, pwii, pwii, azimayi okalamba akumusekerera, iye akuimba kanyimbo kake kopanda mutu kamene ankaimba kuyambira kudzuka mpaka kugona.

Pochoka ndinaitana monga mwa masiku onse. Mzungu wina anacheuka, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati akuthandiza kufunafuna.

"Mwaona?" anatero alamu anga, mano ali pamodzi. "Anthu akuyesa mwana wasowa. Kuno akhoza kukuitanirani apolisi. Mukachitanso ndikusiyani pamsewu, mukwere basi."

Malo achiwiri anali kutchire, kudutsa timisewu topapatiza ta mipanda ya zitsamba. Dzina lake sinditchula, ndipo musandifunse, sindifuna wina apiteko ndi mwana. Linali bwinja la tchalitchi chakalekale. Denga palibe, mazenera palibe, makoma okhaokha ataliatali, akhwangwala akutuluka m'mabowo. Pageti panali kanyumba, m'katimo nkhalamba ya chipewa ikugulitsa matikiti. Kulipira kuti ukaone nyumba yakugwa. Nkhalambayo inaloza chikwangwani n'kunena kuti amatseka folo koloko.

Titangolowa ndinaima. Udzu wonse unali miyala, ina yoimirira, ina yogona, ina yotsamirana.

"Bambo a Sungeni, awa ndi manda."

"Si manda amenewa, Nangozo. Ndi mbiri."

"Mbiri yake yokhala ndi mitanda?"

"Alamu," anatero a Verina, "anthu amenewa anafa zaka mazana anayi zapitazo."

"Ndiye zikakwana mazana anayi amadzuka n'kusamuka?"

Iwo anali atayamba kale kuyala nsalu pafupi ndi khoma.

Inu mukudziwa mmene timachitira kwathu. Kumanda sulowa wekha, sulowa popanda chifukwa, suloza chala, mwana wamng'ono safikako, ndipo pobwera umasamba m'manja usanagwire chitseko cha munthu. Kumeneko ndinaona bambo wina atakhazika fulasiki yake pamwala wolembedwa dzina. Ndinaona galu akukweza mwendo pamtanda, mwini wake akuyang'ana foni. M'kati mwa bwinjamo pansi ponse ndi miyala ya mayina, anthu akuponda pankhope za akufa ndi nsapato zamatope. Palibe manda ndi amodzi omwe osesedwa. Udzu okha ndiwo ometedwa bwino, kuti alendo asanyowe mapazi.

Chakudya ndinakana. Ndinakhala chogwada m'mphepete mwa nsalu, maso ali pa mwana.

Sungeni anapita pansi pa mtengo wina wakuda, wa thunthu lobooka, masamba ake ngati a mkungudza. Pansi pake panali timiyala ting'onoting'ono, tofika m'bondo, mzere umodzi. Sindinafunikire kuwerenga kuti ndidziwe kuti amenewo ndi a ana. Anakhala pansi pafupi ndi kamwala kakumapeto, kopendekeka, kobiriwira ndi ndere. Ndinamuona akunyema bisiketi yake, theka n'kuika pa udzu. Ankalankhula, n'kudikira, n'kuseka, n'kulankhulanso.

Ndinadzuka kuti ndikamutenge.

"Musiyeni mwana asewere," anatero alamu anga. "Ana onse amalankhula okha. Kuno amati ndi chizindikiro cha nzeru."

Nthawi yochoka itakwana ndinakamunyamula. Pomwepo gulu la alendo linafika pamtengo paja, anthu ngati makumi awiri, ndi mayi wowafotokozera. Alamu anga anaima pambali panga, akundiyang'ana pakamwa penipeni. Bambo a Sungeni ananong'ona, "Chonde, Nangozo, lero lokha."

Apa ndi pamene ndinalakwira. Kusaitana sindikanatha. Kuitana mokweza ndinaopa. Ndiye ndinawerama ngati ndikukonza chitenje, nkhope ili cha ku timiyala tija, n'kunong'ona msangamsanga kuti, "Tiye mwana, tizipita kwathu."

Dzina sindinatchule. Pamalo odzaza ana ngati amenewo, ine n'kungoti mwana.

Tikumumanga pa kampando kake m'galimoto, ndinaona kuti phazi lakumanzere lili ndi sokosi yokha. Ndinayang'ana pansi, m'chikwama, pansi pa galimoto. Ndinati ndibwerere ndikaione.

"Mulungu wamva pemphero langa," anatero alamu anga. "Ndikagula zina zosalira."

Tinanyamuka. Kutsogolo alamu anga akuyendetsa, achimwene awo pambali. Kumbuyo ine mbali iyi, Sungeni mbali iyo, pakati pathu mpando wopanda munthu. Tisanafike patali galimoto inayamba kulira, ting'i, ting'i, ting'i, kabelu kaja kokumbutsa lamba.

"Alamu, mangani lamba."

"Ndamanga."

"Ndiye chotsani chikwama pampando wapakatipo. Ikumva kulemera."

"Chikwama chili pamiyendo panga."

Anayang'ana pagalasi. Bambo a Sungeni anacheuka, n'kumenyamenya mpandowo ndi dzanja. Kabelu sikanaleke. Anati magalimoto a masiku ano ali ndi nzeru zambiri zopanda ntchito. Kenako anatambasula mkono, n'kukoka lamba wapakati uja, n'kumumanga pampando wopanda munthu. Kabelu kanati zii.

"Mwaona? Yatha."

Iwo anaseka. Ine ndinayang'ana mwana wanga. Sungeni sankaimba. Maso anali otsegula, akuyang'ana kutsogolo, manja ali pamiyendo ngati munthu wamkulu pamaliro. Ndinamupatsa bisiketi, anangoigwira. M'galimotomo munkamveka fungo la dothi lonyowa, lija limatuluka ukatembenuza mwala umene wakhalitsa pansi. Ndinanena. Anati ndi nsapato zathu.

Malo achitatu anali famu. Musaseke, kuno anthu amalipira kuti akaone nkhosa. Ine amene ndakula ndikuthamangitsa mbuzi m'dimba la kabichi, ndinaima pamzere kuti ndikaone nkhosa. Sungeni ndinamubereka, chifukwa nditamuimika pansi miyendo inangopindika.

Mtsikana wa matikiti anatiwerenga ndi cholembera, n'kunena. Chizungu changa n'chochepa, koma thuu ndimamudziwa.

"Wati chiyani?"

"Wati akulu atatu, ana awiri," anatero bambo a Sungeni. "Wasokoneza ndi a banja lili kumbuyoku."

Ndinacheuka. Kumbuyo kwathu kunali agogo awiri ndi ndodo zawo. Mtsikana uja anadzuka pang'ono, n'kusuzumira pansi cha pamiyendo panga, n'kupepesa akuseka. Koma titadutsa ndinamuona akusuzumiranso.

Nkhosa za kumeneko zinazolowera anthu, zimathamangira aliyense wofika pampanda poyesa ali ndi chakudya. Ife titafika zinaleka kudya, zonse pamodzi, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukaunjikana pakona. Sizinkayang'ana ine. Zinkayang'ana m'munsi, cha m'bondo mwanga.

"Ndi chitenje chanucho," anatero alamu anga. "Sizinaonepo mitundu yotere."

Tikuyenda pa kanjira ka simenti kopita ku khola la mahatchi, ndinamva. Pwii. Kenako phee, nthawi yokwana kuponda phazi lina. Pwii. Phee. Pwii.

Ndinaima, nayonso inaima. Ndinagwira mapazi a Sungeni m'chiuno mwangamu. Lamanja lili ndi nsapato, lili m'malere, silikugunda kanthu. Lamanzere sokosi. Ndinayambanso kuyenda. Pwii. Ndipo chitenje changa chinalemera mbali imodzi, kumanzere, monga chimachitira mwana akachigwira kuti asatsale.

"Bambo a Sungeni, mukumva?"

"Ndi mbalame, Nangozo."

"Mbalame yoyenda ndi phazi limodzi?"

Anafulumiza kuyenda, osandiyang'ana.

Kumsana kwanga kunkazizira. Amene munaberekapo mwana mukudziwa, ngakhale mu Juni mwana amakutenthetsa mpaka thukuta. Ine ndinali ngati ndabereka chigubu cha madzi a m'mamawa.

Cha m'ma hafu pasiti thuu tinafika m'tawuni ina ya msika, yaing'ono, ya pachitunda. Alamu anga anati sitingabwerere osamwa tiyi wa kumeneko. Tinalowa m'kanyumba kotsika denga, mitanda yake yakuda, bambo a Sungeni mpaka anagunda mutu. Mtsikana woperekera anabwera akukoka timipando ta ana tiwiri. Kamodzi anaika pafupi ndi ine, kena pafupi ndi kanzake, n'kumwetulira kampando kopanda munthuko.

Alamu anga anamuuza mwaukali kuti mwana ndi mmodzi. Mtsikanayo anafiira nkhope, n'kuyang'ana pansi pa tebulo, n'kuchotsa kampando kaja pang'onopang'ono.

Ndinamuitanitsira Sungeni mkaka wofunda. Ndinamukhazika pamiyendo, n'kumuika kapu pakamwa. Milomo sinatseguke. Ndinamutchula dzina, sanacheuke. Ndinamutsina pang'ono patsaya, mwana amene amalira ukangomupesa tsitsi, sanaphethire n'komwe. Ndinaika kapu m'mphepete mwa tebulo.

"Ndikuuzeni zimene ndachita," ndinatero. Ndipo ndinawauza zonse.

Alamu anga anaika sipuni pansi. "Ndiye mukuti chiyani? Kuti tanyamula chiwanda cha mzungu m'galimoto yanga?"

"Ndikuti ndaitana mwana, wabwera mwana. Wanga watsala."

"Levisoni, ukumva zimene akunena akazi akowa? Ndinakuuza kuti uwalembetse sukulu ya madzulo."

"Sukulu yanuyo mugwireni nayo mwanayu," ndinatero. "Ndinu nesi. Mugwireni."

Anatambasula dzanja monyinyirika n'kumugwira pachipumi. Nkhope yawo inasintha. Anamugwira pakhosi, n'kumugwira padzanja akuyang'ana wotchi, n'kumutsegula chikope.

"Mwanayu wazizira kwambiri. Tinyamuke, tipite kuchipatala pompano."

"Chipatala tipita, alamu, sindikukana. Koma adokotala akapima ndani? Muno mulibe munthu. Tiyambe takamutenga."

"Ine sindingayendetse galimoto kupita kumanda ndi mwana wodwala chifukwa cha nthano za ku Lizulu."

Makiyi anali patebulo. Ndinawatola n'kuwaponya m'kamisolo.

"Ndiye bwerani mudzatenge."

"Nangozo," anatero bambo a Sungeni, "anthu akutiyang'ana."

"Atiyang'ane. Kuyambira m'mawa mukungondiuza za anthu akutiyang'ana. Anthu amenewa akakuthandizani kukumba? Pofuna kuti asakusekeni anthu odyera pamanda, mwanditseka pakamwa, ndipo ine chitsiru ndamvera. Geti amatseka folo. Pano ndi fili koloko yapitirira."

Ndiye bambo a Sungeni anati, mawu ali pansi, "Mkaka uja wamwa ndani?"

Kapu inali pomwe ndinaiika. M'kati munali mbee, kadontho kamodzi kakutsetsereka kunja. Milomo ya Sungeni inali youma.

Pansi pa tebulo, pakati pa miyendo yathu, panamveka pwii.

Alamu anga anabweza mapazi awo msanga mpaka bondo linagunda tebulo. Kenako anatambasula dzanja.

"Chipatala chili njira yomweyo," anatero. "Bweretsani makiyi."

Mu Novembala kuno dzuwa limalowa ngati lathawa ngongole ya munthu, fili koloko kwayamba kale kuchita chizirezire. Nkhungu inali itayamba kutuluka m'minda. Alamu anga ankathamanga m'timisewu tija, zitsamba zikukwapula magalasi. Lamba wapakati anali chimangire, koma sanagone pampando monga amagonera lamba wopanda munthu. Ndinaona kamodzi, sindinayang'anenso.

Tili pakati pa ulendo chinthu chinatsamira pamkono wanga. Chozizira, cholemera pang'ono, monga mutu wa mwana amene tulo tamugonjetsa. Ndinafuna kukankha. Koma dzanja la mayi ndi lopusa, limadziwa ntchito imodzi. Ndinalipeza lanyamuka lokha kuti likasisite, ndinachita kulibweza ndi linzake n'kulikhalira.

Tinafika kutatsala mphindi zitatu. Magalimoto onse anali atapita. Nkhalamba ya chipewa ija inali ikukulunga tcheni pageti. Alamu anga anathamangira, n'kuyamba Chizungu chawo chothamanga, ati mwana wataya nsapato, mphindi zisanu zokha. Nkhalambayo inapukusa mutu, n'kuloza wotchi, n'kuloza chikwangwani. Ati tibwere mawa.

Ine ndinafika pambuyo, Sungeni ali kumsana. Pamiyala ya panjira paja zinamveka bwinobwino. Pwii. Phee. Pwii.

Nkhalambayo inaleka kulankhula. Sinayang'ane ine, inayang'ana m'munsi. Inamasula tcheni, n'kuvula chipewa, n'kutsegula geti. Tonse atatu titadutsa inagwirabe getiyo, kudikira, ngati pali wina woyenda pang'onopang'ono. Ndiye mundiuze kuti sankadziwa. Ankadziwa bambo ameneyo. Tsiku ndi tsiku amagulitsa matikiti kwa azimayi a ana, ndipo pachikwangwani chake analembapo za agalu ndi za zinyalala basi.

Pansi pa mtengo paja panali mdima kale. Theka la bisiketi lija panalibe. Ndinagwada patsogolo pa kamwala kopendekeka kaja. Mantha anali atandithera, kunatsala ukali wokhawokha, ndipo sindinkadziwa kuti ndiulozetse kwa ndani.

"Alamu, walitsani foni. Werengani dzina."

Anawalitsa, n'kupala ndere ndi chikhadabo, n'kupapasa ndi zala.

"Lafufutika. Kwangotsala manambala. Anakhala zaka ziwiri." Anapalanso pang'ono. "Ndi miyezi inayi."

"Palibe ngakhale chilembo?"

"Palibe."

Ndinayamba kuzula udzu ndi manja. Ndinachotsa masamba owola, kapepala ka switi, ndi chotsekera botolo chimene munthu wina anaponya pamenepo. Bambo a Sungeni anagwada nawo n'kuwongola kamwala kaja, n'kukatsira dothi kumbuyo. Ndinasesa ndi chikhatho mpaka panayera. Ndiye ndinalankhula monga ndimalankhulira ndi mwana wa neba akakana kupita kwawo.

"Iwe, tamvera. Ndakuitana ndine, sunalakwe. Wamva munthu akuti tiye kwathu, ndipo sindikudziwa kuti wadikira zaka zingati kuti umve mawu amenewo. Koma ine si mayi ako. Kwathu ndi kutali, sungakakuzolowere. Mkaka wamwa, galimoto wakwera, nkhosa waona. Basi. Pano ndi pako, ndakusesera. Mnzako umusiye, ali ndi amake."

Chitenje changa chinali cholemerabe kumanzere. Chinakokedwa kawiri, pang'onopang'ono.

Apa misozi inatuluka, koma ya ukali. "Usandikoke ine. Ukoke abale ako. Ali m'dziko lomwe lino, akuyenda ndi agalu ovala majuzi. Ine ndachokera ku Ntcheu kudzakuzulira udzu."

Chinakokedwanso.

Ndinapisa dzanja kumbuyo, n'kuvula nsapato imene inatsala kuphazi la Sungeni. Ndinaiika pamalo ndinasesa paja.

"Imodzi sungayende nayo. Tenga zonse. Anagula ndi amayi anga, ndi zatsopano. Undipatse mwana wanga."

Khwangwala mmodzi analira pamwamba pa khoma. Kenako chitenje chinapepuka.

Ndinaimirira, n'kutembenuka, n'kuwauza awiriwo kuti aliyense asacheuke. Ndipo ndinaitana. Sindinanong'one. Ndinaitana monga timaitanira munthu ali kutsidya kwa dambo.

"Sungeni! Sungeni mwana wa Nangozo, tiye, tizipita kwathu!"

Makoma aja anabweza mawu. Ndinaponda kamodzi, n'kuitananso. Kuponda, kuitana. Kumsana kunali kozizirabe. Tinadutsa miyala yogona ija, tinadutsa pamene tinayala nsalu, palibe chosintha. Geti inkaoneka patsogolo, ndipo ndinkadziwa mumtima kuti tikatuluka ali chomwecho ndiye kuti zatha. Mawu anayamba kundithera.

Pamenepo ndinamva wina akuitana pambali panga. Anali alamu anga. Chichewa cha m'mphuno chija chinapita kuti sindikudziwa, chinatuluka cha kwawo kwenikweni, cha ku Bilira, chokoka.

"Iwe Sungeni iwe, tiye kumudzi! Azakhali ako tikupitatu, usatsale kuno!"

Bambo ake nawo anayamba kuitana. Anthu atatu akuluakulu, kukuwa m'bwinja la azungu, nkhalamba ili chiimire pageti chipewa m'manja.

Kutatsala mapazi ngati khumi, ndinamva kumsana kwanga kukufunda. Kufunda kwake konyowa, kukutsikira m'chiuno mpaka m'miyendo. Chibadwire sindinakondwerepo ndi mkodzo ngati tsiku limenelo. Kenako timiyendo tinandimenya m'nthiti, ndipo kamawu kolira, kokwiya, kanati, "Mama, nsapato yanga."

Alamu anga anakhala pansi pa udzu wonyowa n'kuyamba kulira.

Kuchipatala tinapitadi. Anamupima zonse, n'kunena kuti mwana ali bwino, mwina anangozizidwa, tizimuveka zokwanira. Iye n'kuti akuimba kanyimbo kake, akukoka chingwe cha adokotala. M'galimoto bambo a Sungeni anamasula lamba wapakati uja ndi zala ziwiri. Kabelu sikanalire. Nsapato alamu anga anagula zina, zosalira, ndipo sindinatsutse. Masiku ano tikamatuluka m'sitolo iwo ndi amene amayamba kuitana, mokweza, azungu n'kumacheuka. Nkhani ya tsiku limenelo saikamba.

Koma pali chimodzi chimene sindinawauze, chifukwa iwo anali atatsogola. Nkhalamba ija ikukulunga tcheni, ine ndinali womaliza. Kumbuyo kwanga, kuchokera kumtengo kuja, ndinamva pwii pwii pwii pwii, mapazi onse awiri tsopano, akuthamanga mokondwa pamiyala ya panjira. Anathamanga mpaka pageti. Pamenepo anaima.

Sanakoke chitenje. Sanalire. Anangoima, monga amaimira mwana wamakhalidwe amene akudikira kuti amutchule.

Ine ndinagwira Sungeni mwamphamvu, n'kuluma mlomo, n'kukalowa m'galimoto.

Mwana ameneyo anabadwa kwa munthu. Alipo amene anamupatsa dzina, ndipo dziko lonseli, ndi mabuku ake, ndi zikwangwani zake, ndi amayi ofotokozera alendo, lalisiya dzinalo kuti lidyedwe ndi ndere. Ndiye nsapatozo ndinasiya dala zolira. Anthu a kuno azimva. Akamatsegula timabokosi tawo ta buledi, akamathira tiyi pamwamba pake, zizilira m'mbali mwawo mpaka chakudya chiwakanike pakhosi, kufikira tsiku limene mmodzi wa iwo adzapite kukafufuza kuti mwanayo anali ndani, n'kubwera kudzamuitana.